Tifunseni za Maulendo: Tchuthi cha Banja ku Stone Town, Zanzibar

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani ya Zanzibar, makamaka ochokera kwa makolo ofuna kutenga ana pa holide ya sukulu. Amene tasankhawa akukhudza mzinda wakale umene eni ake amautcha Mji Mkongwe, koma pa mapu mudzaupeza ndi dzina loti Stone Town.

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, wazaka 14, 9 ndi 5. Ine ndi bambo awo tasunga kandalama koti tikaonere Zanzibar, koma ndege yatikulira. Kodi pamsewu n'zotheka ndi ana? Nanga tipite mwezi uti? (Mayi a ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Mayi, n'zotheka, koma msewu umenewu musaupeputse. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mzuzu ndi Karonga mpaka pa chipata cha Songwe ndi tsiku lathunthu. Mukaoloka mlatho muli pa Kasumulu, ndipo kuyambira pamenepo kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita pafupifupi 900, kudzera ku Iringa, chitunda cha Kitonga, nkhalango ya Mikumi ndi Morogoro. Anzathu opita kukaoda katundu ku Kariakoo amapirira pa mpando usana ndi usiku, koma wazaka 5 uja adzafika mapazi atatupa, ndipo masiku awiri oyamba adzathera kulira. Ulendowu uduleni pawiri. Gonani ku Mbeya, mukwere basi ya m'bandakucha. Mukadutsa pa Mikumi kusanade, ana akhale kuwindo, chifukwa mbidzi, akadyansonga ngakhale njovu zimaoneka m'mbali mwa msewu popanda kulipira.

Mabasi ochokera kumtunda amathera pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndi doko, ndiye tsiku lomwelo boti simungalipeze. Gonani mu Dar es Salaam, mukwere la m'mawa. Maboti othamanga amatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti muigule mu ofesi ya kampani ya botilo, pamene amalemba dzina la aliyense kuchokera mu pasipoti. Panja pamadzaza anyamata olankhula mokoma amene amalanda chikwama m'manja n'kukutsogolerani ku kaofesi kena; eni dziko amawatcha mapapasi, kutanthauza nkhupakupa, ndipo dzinalo likuwayenera. Kuyambira June mpaka September kumaomba mphepo ya kusi, imene ili ngati mwera wa pa nyanja yathu. Madzulo nyanja imawinduka kuposa m'mawa. Mwana wosachedwa kusanza akhale chipinda chapansi, chakumbuyo, ndipo asadye zamafuta asanakwere.

Pali zinthu ziwiri za nthawi zimene zimasiyitsa anthu boti. Choyamba, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Chachiwiri, Aswahili amawerenga maola kuyambira potuluka dzuwa. Munthu akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, akati "saa tatu na nusu" ndi 9:30. Muziwonjezera maola 6 pa zimene mwamva, kapena mumupemphe akulembereni.

Za mapepala: aliyense, ngakhale wamng'onoyo, akhale ndi pasipoti yake imene yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Chiphaso cha pabodala chimene anthu amaolokera kupita ku Kyela sichikufikitsani ku chilumba. A Malawi safuna viza, komabe pa doko la Zanzibar a zolowa ndi zotuluka amaonanso mapasipoti ngakhale dziko ndi limodzi. Kuyambira pa 1 October 2024 mlendo aliyense amayenera kugula inshulansi ya boma la Zanzibar, imene inayamba pa madola 44 munthu wamkulu. Iguleni pa intaneti musananyamuke, ndipo muonetsetse gulu la mtengo limene ana anu akugweramo musanalipire. Amene akuuluka kudzera ku Nairobi kapena Addis Ababa n'kukhala pa bwalo maola oposa 12 akhoza kufunsidwa khadi ya katemera wa yellow fever. Kwacha kumeneko sasintha. Nyamulani madola atsopano, chifukwa akale osindikizidwa chisanafike chaka cha 2009 ambiri amawakana, ndipo zogula zatsiku ndi tsiku muzilipira m'mashilingi. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa, choncho kamba wa paulendo mumuike m'chikwama cha nsalu.

Mwezi wabwino ndi August, pa holide yaitali. Kumakhala kouma ndi kozizirirapo. Pa Isitala musayerekeze, chifukwa March mpaka May ndi nyengo ya mvula yosakata imene kumeneko amaitcha masika, ndipo tinjira ta mumzinda timasanduka mifuleni. Pa Khirisimasi kumatentha kwa chinyezi, mitengo ya malo ogona nayo imakwera.

Funso: Tikhale masiku angati, ndipo tigone mkati mwa mzinda wakalewo kapena kunja? Tikupita ndi agogo a ana, amene mawondo amawavuta. (Bambo a ku Chilomoni)

Yankho: Masiku atatu athunthu akukwanirani, osawerengera lofika ndi lonyamuka. Mzindawu ndi waung'ono. Nyanja yauzungulira mbali ziwiri, mbali yachitatu ndi msewu wa Creek Road, umene tsopano umatchedwa Benjamin Mkapa. Mukasokera, ndipo mudzasokera ndithu, pitirizani kulunjika mbali imodzi, pakatha mphindi 15 mudzatulukira kunyanja kapena pamsewuwo.

Gonani mkati, koma chifukwa cha agogo funsani mafunso atatu musanalipire. Chipinda chili pa nsanjika yachingati? Nyumba zambiri zogona alendo zinali za amalonda akale, zikepe zilibe, ndipo masitepe ake ndi aatali ndi otsetsereka. Galimoto imafika pakhomo? Tinjira tambiri sitilola galimoto, moti katundu amayenda pa ngolo yokankha. Malo a ku Shangani kufupi ndi Kenyatta Road, kapena m'mbali mwa Mizingani Road, ndiwo ofikirika. Msonkho wa boma wa munthu aliyense pa usiku uli kale mu mtengo? Ambiri amakangana pa kauntala tsiku lotuluka chifukwa cha umenewu. Dziwaninso kuti mumzindamu muli mizikiti pafupifupi 50, ndiye kuitana kwa pemphero la m'bandakucha mudzakumva kulikonse kumene mwagona.

Chimene chimaononga tchuthi cha mabanja ambiri ndi kuyenda masana. Tulukani 7 koloko, mubwerere cha m'ma 11, ana ndi agogo agone mpaka 3:30, mutulukenso dzuwa litapendeka. Tsiku loyamba likhale la nyumba za m'mphepete mwa nyanja, lachiwiri la msika ndi tchalitchi cha Mkunazini popeza zili moyandikana, lachitatu la kachilumba ka Changuu. Kumeneko ndi theka la ola pa boti la injini, ndipo kuli afulu akuluakulu amene makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919. Ndende imene inamangidwa kumeneko mu 1893 sinasungepo akaidi, inasanduka malo obindikiritsa odwala matenda opatsirana. Gwirizanani mtengo wopita ndi wobwerera musanakwere, mumalize kulipira pobwerera, ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa a saizi ya ana mulisiye. Ana ozolowera ku Salima kapena ku Mangochi muwachenjeze kuti nyanja iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pamene anaimapo m'mawa pouma, masana pakhoza kumiza munthu. M'tinjira agwireni dzanja, chifukwa njinga zamoto zimatulukira pakona mosachenjeza.

Funso: Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ndamva kuti nyumba za kumeneko zatha zaka zoposa 100 popanda simenti. Ndikaone chiyani kwenikweni, chimene ndingaonetsenso anyamata anga awiri? (Mmisiri wa ku Ndirande)

Yankho: Achimwene, inu ndiye mudzasangalala kuposa onse. Yambani ndi khoma limene pulasitala yagwa. Mudzaona kuti si njerwa, ndi zibuma za mwala wa m'nyanja wotchedwa matumbawe, womata ndi laimu wosakaniza ndi mchenga ndi dothi lofiira. Laimuyonso ankachokera ku mwala womwewo, atauwotcha. Makoma apansi ndi onenepa, ena kupitirira theka la mita, n'chifukwa chake mkati mumazizira ngakhale kunja kukuwotcha.

Kenako yang'anani kudenga. Mudzaona mitengo yakuda yoyalidwa mothithikana, yotchedwa boriti, yodulidwa m'madambo a m'mphepete mwa nyanja. Pamwamba pake anayala miyala ndi laimu kukhala pansi pa chipinda cham'mwamba. Mitengoyi siitalika kwambiri, ndiye ndi imene inalamula kukula kwa zipinda: zambiri ndi zazitali koma zopapatiza, mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono. Anyamata anu ayese ndi mapazi m'nyumba iliyonse imene mwalowa, adzaona kuti muyezo ukubwerezabwereza.

Chimene chikugwetsa nyumbazi chikukhudza ntchito yanu. Khoma la matumbawe ndi laimu limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso. Wina akalimata simenti kapena penti ya mafuta, chinyezicho pamodzi ndi mchere wa m'nyanja zimatsekeredwa mkati. Nsonga za boriti zolowa m'khoma zimaola mosaoneka, mwala umafumbutuka, ndipo mvula ya masika ikabwera denga limatsika lonse nthawi imodzi. Ngalande ya padenga yotsekeka imachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake okonza nyumba zakale kumeneko amabwerera ku laimu. Mzindawu unalowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 2000, koma nyumba zambiri zidakali zochirikizidwa ndi mitengo, ndipo pansi pa khonde lotere musaime ndi ana.

Njira yake yambirani pa doko ku Malindi, mutsate Mizingani Road. Choyamba ndi Old Dispensary, ya makonde amatabwa osemedwa ngati lesi. Anaiyamba mu 1887 ndi mmwenye wamalonda Tharia Topan, inatha mu 1894, ndipo bungwe la Aga Khan linaikonzanso m'zaka za m'ma 1990. Patsogolo pake pali Beit al-Ajaib, nyumba ya zodabwitsa, imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Inali yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi ndi chikepe, ndipo nsanamira zake zachitsulo ndi zimene zinalola makonde otakasuka amene boriti sakanatha. Mbali ina inagwa pa 25 December 2020, ndipo yakhala yotseka pokonzedwa ndi thandizo la dziko la Oman, choncho anyamata musawalonjeze zolowamo. Pabwalo lomweli ndi pamene zombo za Angerezi zinaphulitsa nyumba ya mfumu pa 27 August 1896, nkhondo imene sinathe ngakhale ola limodzi. Pambali pake pali Ngome Kongwe, linga limene Aarabu a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atapirikitsa Apwitikizi. Mkati muli bwalo pamene ana angathamange.

Zitseko ndizo zimakopa ana. Apatseni ntchito yozisiyanitsa. Cha Chiarabu chili ndi felemu ya makona anayi, pamwamba pali mawu a m'Korani osemedwa. Cha Chimwenye chimakhala chozungulira pamwamba, chokhala ndi zisonga zamkuwa. Ku India zisongazo zinali zoletsa njovu za nkhondo kuthyola chipata, koma ku Zanzibar zinangokhala zoonetsa chuma. Za m'masitolo a Amwenye a ku Gujarat ndi zopindika, zogawika m'timabokosi. Chitseko chachikulu chimakhala cha mbali ziwiri, chamanja amati chachimuna, chamanzere chachikazi. Pa felemu funani nsomba, maluwa, mtengo wa tende ndi unyolo. Otsogolera alendo ambiri adzakuuzani kuti unyolo ukusonyeza nyumba ya wogulitsa akapolo, ena amati ndi chizindikiro cha chitetezo cha pakhomo. Unyolowo uli pa zitseko zambirimbiri, ndiye musathamangire kuweruza khomo lililonse.

Onaninso baraza, mpando wa miyala womangidwa kukhoma lakunja, umene uli ngati khonde lathu: mlendo wamwamuna amachezera pamenepo osalowa m'nyumba, ndipo mvula ikasefukira anthu amayenda pamwamba pake. Mukakhala ndi ola lapadera, olokani Creek Road mukaone midadada ya Michenzani, imene boma la Abeid Karume linamanga pambuyo pa kuukira kwa 1964 kumene kunachotsa Sultan, motengera mapulani a ku East Germany. Konkire imeneyo mukaiyerekeze ndi laimu uja, muone nokha chimene chakalamba bwino.

Funso: Kwathu timakula tikumva za Jumbe ndi akapolo. Akuti ku Zanzibar kuli malo amene ankagulitsira anthu. Kodi ndi oyenera kupitako ndi adzukulu azaka 12 ndi 7? (Agogo a ku Nkhotakota)

Yankho: Agogo, pitani nawo. Kwa munthu wa ku Nkhotakota malo amenewa ndi kumapeto kwa njira imene inayambira pakhomo panu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Anthu ogwidwa ankaolotsedwa nyanja pa zombo zamatanga, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo opulumuka paulendowo ankakwezedwanso zombo kupita ku msika wa Mkunazini. Aswahili ankawatcha Wanyasa. Msikawo unatsekedwa mu June 1873, Sultan Barghash atasaina pangano mokakamizidwa ndi John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone mu Shire, amene mapiri a Kirk Range amatchedwa dzina lake. Ukapolo weniweniwo pachilumbapo unathetsedwa mu 1897.

Pamalopo a mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA anamangapo tchalitchi cha Christ Church. Mwala wa maziko unaikidwa pa Khirisimasi ya 1873, ndipo Bishopu Edward Steere ndiye ankayang'anira ntchito. Manda ake ali kuseri kwa guwa. Kutsogolo kwa guwalo kuli kachizindikiro kozungulira pansi, pamene amati panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. Funsani akuonetseni mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone. Mishoni yomweyi ndi imene inadzafika ku Likoma n'kumanga tchalitchi cha St Peter kuyambira mu 1903.

Tikiti imodzi imakulowetsani m'tchalitchi, m'chipinda cha zithunzi ndi mbiri, ndi m'tizipinda tiwiri tapansi. Wazaka 12 aone zonse. Wazaka 7 tizipinda tapansito timuchulukira: ndi totsika, tamdima, totentha, muli maunyolo, ndipo ofotokoza ena amakometsera nkhanza kuti alendo agwidwe mtima. Akatswiri ena a mbiri amakayikiranso ngati tizipindato tinasungadi akapolo, popeza nyumba ya pamwamba pake inamangidwa msika utatsekedwa kale. Zimenezo sizichepetsa zimene zinachitika pabwalolo. Wamng'onoyo muimirire naye panja pa chikumbutso cha mu 1998, ziboliboli zisanu zoimirira m'dzenje zitamangidwa unyolo m'khosi, mumuuze nokha m'Chichewa zimene munamva kwa makolo anu. Pitani m'mawa magulu a alendo asanachuluke, ndipo Lamulungu kumbukirani kuti mumakhala mapemphero.

Funso: Ndimagulitsa zitenje mu Limbe, ndiye msika sundiopsa. Koma Chiswahili sindidziwa. Ndikagule chiyani, ndipo ndipewe chiyani? (Mayi a ku Bangwe)

Yankho: Msika waukulu ndi Darajani, m'mbali mwa Creek Road. Nyumba yake inamangidwa mu 1904. Dzinalo likuchokera ku daraja, mlatho, chifukwa pamene pali msewupo kale panali khwawa la madzi a m'nyanja limene analikwirira. Fikani pakati pa 7 ndi 9 koloko, nsomba zikadali zatsopano ndipo okushoni ili mkati. Ana avale nsapato zotseka, pansi pamaterera ndi madzi a nsomba. Fungo la kumbali ya nyama ndi lamphamvu, ndiye yambani kumeneko mumalizire ku zipatso. Lachisanu masana ambiri amatseka kupita ku pemphero.

Chiswahili chisakuopseni, theka lake mudzalimva. Odi ndi hodi, madzi ndi maji, nyama ndi nyama. Wamkulu mumulonjere kuti "shikamoo", ayankha "marahaba", ndipo ana anu akatero mtengo umayamba kutsika musananenerere. "Bei gani?" ndi kufunsa mtengo, "punguza" ndi kuti tsitsani. Pa tomato, mkate ndi tende kunenerera n'kochepa. Pa nsalu, zosema ndi zokometsera zoikidwa m'timadengu ta alendo, mtengo woyamba umakhala wokwera dala. Lamulo ndi lomwe la mu Limbe: zungulirani mabenchi atatu musanatulutse chikwama.

Zokometsera mugule zosapera ndiponso zapasikelo, kumene akugula amayi a komweko. Zaufa za m'timapaketi tokongola zimakhala zitakhalitsa padzuwa, fungo linathawa. Karafuu (clove) wabwino ali ndi kamutu kake, ndipo mukamukanda ndi chikhadabo amatulutsa mafuta. Iliki (cardamom) ikhale yobiriwira ndi yotseka. Vanila ipindike osathyoka. Chimene akuchitcha safironi pa mtengo wotsika chisiyeni, nthawi zambiri ndi maluwa ena opaka utoto. Zigoba za m'nyanja, matumbawe ndi zopangidwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja musagule, n'zoletsedwa kutuluka nazo.

Poti ndinu a nsalu, pitani m'tinjira ta kuseri kwa msika kumene amagulitsa kanga. Ndi yopepuka kuposa chitenje, ili ndi mkombero mbali zonse zinayi, ndipo imagulitsidwa ziwiriziwiri zosadula. Iliyonse ili ndi mawu m'munsi. Ena ndi madalitso, ena ndi zining'a zolasa mkazi mnzako kapena woyandikana naye wamiseche. Musanagulire apongozi, wina akumasulireni.

Funso: Mchemwali wanga anadya nsomba pa msika wina wa usiku kumeneko, anatsegula m'mimba masiku atatu. Ana anga amangodziwa nsima ndi chambo. Tikadye chiyani? (Mayi a ku Zomba)

Yankho: Vuto la misika ya usiku kulikonse ndi limodzi. Nsomba ndi zam'nyanja zimene zaunjikidwa mokongola pa tebulo zimakhala zophika kale, ndipo mukaloza amangozitenthetsa pamoto mphindi ziwiri. Kunja kumatentha, mkati muli momwe zakhalira maola ambiri, mwina kuyambira dzulo. Sankhani chokhacho chimene chikuphikidwa kuchokera chachiwisi inu mukuona, pa benchi imene pali mzere wa eni dziko.

Ku Forodhani, munda wa kutsogolo kwa Ngome Kongwe, matebulo amayalidwa dzuwa likamalowa. Fikani msanga, ana aonenso anyamata odumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, koma asatengere. Chotetezeka kwa ana ndi chimene amachitcha pizza ya Zanzibar: mtanda wopyapyala, nyama yogaya, anyezi ndi dzira, kupinda n'kukazinga pa chiwaya pamaso panu. Iliponso ya nthochi ndi chokoleti. Mishkaki ndi kanyenya wa pa kamtengo. Madzi a nzimbe amafinyidwa pomwepo ndi jinja ndi ndimu; nenani "bila barafu" kuti asaikemo ayisi. Mtengo funsani mbale isanadzazidwe, paja safunsa anadya phula.

Akuluakulu mulawe urojo. Ndi msuzi wachikasu wowawasa ndi mango aawisi kapena ndimu, wokhuthala ndi ufa pang'ono, mmene amaikamo mbatatesi, bajiya (tizitumbuwa ta ufa wa mbewu za mtundu wa nyemba), dzira lowiritsa, tizidutswa ta nyama, tchipisi cha chinangwa ndi tsabola. Poti umakhala pamoto nthawi zonse, suvuta m'mimba. Masana pitani m'malesitilanti a eni dziko cha ku Mkunazini, kumene mumaloza chakudya pa galasi: pilau, biriani, mpunga wa kokonati, ndi pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 yophika mu msuzi wa kokonati. Fikani cha m'ma 12:30 miphika itangophulidwa.

Mwana wokana zachilendo sagona ndi njala. Ugali ndi nsima, yolimbirapo pang'ono. Maharage ndi nyemba, mchicha ndi bonongwe, kisamvu ndi chigwada, dagaa ndi msuweni wa usipa, chipsi mayai ndi tchipisi chokazingira m'mazira. Mayina awiri asakupusitseni. Vitumbua si zitumbuwa zathu za nthochi, ndi za ufa wa mpunga ndi kokonati. Kamba pa menyu si fulu ayi, ndi tinyama ta m'nyanja ta gulu la nkhanu. Mwana amene sanadyepo zoterezi ayambe ndi kamodzi, masana. Milomo ikatupa, zidzolo zikabuka kapena kupuma kukavuta, thamangirani kuchipatala. Madzi akumwa akhale a m'botolo lotseka. Nyamulani mapaketi a Thanzi, imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Akatha, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi.

Funso: Mwana wanga wamkazi wazaka 16 akuti kunyanja amavala kabudula. Zoona? (Bambo a ku Mzuzu)

Yankho: Pa mchenga wa ku hotela inde, mumzinda ayi. Anthu a Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo boma limapempha alendo, amuna ndi akazi omwe, kubisa mapewa ndi mawondo poyenda m'misewu. Chitenje chimodzi m'chikwama chithetsa mkangano. M'mizikiti yambiri osakhala Asilamu salowa, ndipo munthu, makamaka mayi, musamujambule musanapemphe. Onaninso kalendala: m'mwezi wa Ramadan malo ambiri odyera amatseka masana, ndipo kudya kapena kumwa poyera n'kusalemekeza. Ana aang'ono adyere m'chipinda.

Funso: Ndinabwerako ndi zokometsera thumba lonse, koma pilau wanga amatuluka woyera ndi wophwetera ngati phala. Ndikulakwitsa pati? (Mayi a ku Johannesburg)

Yankho: Mtundu wa pilau suchokera ku zokometsera, umachokera ku anyezi. Pa anthu asanu tengani makapu awiri a mpunga, wa Kilombero ngati muli nawo, theka la kilogalamu ya nyama ya ng'ombe, anyezi awiri akuluakulu, adyo tizidutswa tinayi, jinja wotalika ngati chala chachikulu, mbatatesi zitatu, supuni yaikulu imodzi ya binzari nyembamba (cumin), iliki 5, karafuu 4, timitengo tiwiri ta mdalasini (cinnamon) ndi njere 10 za tsabola wakuda.

Wiritsani nyama ndi mchere, theka la adyo ndi jinja mpaka ifewe, msuzi muusunge. Mu mphika wokhuthala pansi thirani masupuni anayi a mafuta, kazingani anyezi pa moto wapakati mphindi 12 mpaka 15, afike pa mtundu wa khofi wothira mkaka pang'ono. Mukawaphula akadali achikasu, pilau ayera. Akada, awawa, ndipo palibe chokonzera. Ikani zokometsera zija zosapera, mutaziviika m'madzi pang'ono mphindi 10 kuti zisapserere, kenako adyo ndi jinja wotsala, nyama ndi mbatatesi. Mpunga muutsuke mpaka madzi ayere, muukhetse, muukazinge mumphikamo mphindi ziwiri. Thirani makapu atatu ndi theka a msuzi wotentha. Wozizira umadukiza kuwira ndipo mpunga umamata. Lawani mchere pamenepa.

Kuphwetera kumabwera ndi madzi ochuluka ndi mthiko. Takasani kamodzi kokha, musiye uwire mpaka madzi atsike ndipo pamwamba paoneke timaenje. Vundikirani, chepetsani moto kwambiri mphindi 15. Pa mbaula chotsani makala ambiri pansi muwaike pa chivundikiro, monga amachitira kumeneko. Mukaphula dikirani mphindi 10 musanatsegule, mutembenuze ndi foloko. Karafuu musapitirire muyezo, ochuluka amachititsa dzanzi lilime, ndipo ana muwauze aziika njerezo pambali pa mbale. Pambali pake ikani tomato ndi anyezi wodula mopyapyala, wotsukidwa m'madzi a mchere, wofinyira ndimu.